Dracula ndi anamapopa: chimene owerenga a ku Lilongwe akutsutsirana

Buku la Dracula ndinaligula pansi, kwa mavenda amene amayala mabuku m'makonde a masitolo ku Old Town. Linali pakati pa buku la masamu a Fomu 3 ndi lina la kaphikidwe lothothoka masamba. Mnyamata wogulitsayo ataona kuti ndikulitembenuzatembenuza anati, "Bwana, limenelo ndi la anamapopa, tengani ndikuchotserani." Sanaliwerengepo. Anangoona mano awiri osongoka ndi dontho la magazi pachikuto, basi dzina n'kulipatsa. Ndinaseka, ndinalipira, n'kupita kukakwera minibasi.

Chiligulireni bukuli layenda. Analiwerenga mlamu wanga, namwino wokhala ku Area 25. Kenako bambo ena a ku Kawale amene anapuma pa uphunzitsi. Kenako mwana wa achemwali anga yemwe ali ku koleji. Kenako mnzanga wa kwawo ku Mulanje amene amagwira ntchito ku Kanengo. Mayi ena a kumpingo kwathu analisunga masiku awiri n'kulibweza lili m'jumbo, akuti m'nyumba mwawo siligonanso. Aliyense analibweza ndi maganizo ake, ndipo poyamba ndinkayesa kuti akungosiyana makonda, monga wina amafuna nsima ya mgaiwa wina ya ufa woyera. Ndazindikira mochedwa kuti mkanganowu unayambira pa mawu aja a mnyamata wa ku Old Town. Iye anamanga mtolo umodzi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo aliyense powerenga ankaona chimodzi mwa ziwirizo.

Kwa amene sanalionepo, Dracula analemba ndi Bram Stoker, munthu wa ku Ireland amene ankayendetsa nyumba ya zisudzo ya Lyceum ku London, ndipo linatuluka mu 1897. Loya wachinyamata, Jonathan Harker, atumidwa ku Transylvania, dera lamapiri limene lero lili m'dziko la Romania, kukathandiza mwinimalo wina wolemera, dzina lake Dracula, kugula nyumba ku England. Afika n'kupeza kuti mwininyumbayo sadya, saoneka pagalasi, masana amagona m'bokosi la dothi, ndipo ndi munthu woti anafa kalekale koma akuyendabe chifukwa chomwa magazi a anthu. Chilombocho chikwera sitima yapamadzi ndi mabokosi 50 a dothi la kwawo, amalinyero azimiririka mmodzimmodzi, sitima ikocheza ku Whitby mtembo wa woiyendetsa uli womangiriridwa pachiwongolero. Posakhalitsa mtsikana wina, Lucy Westenra, ayamba kufooka ndi kuyezuka, pakhosi pali timabala tiwiri. Dokotala wachikulire wa ku Amsterdam, Van Helsing, ndiye azindikira chimene chikuchitika, nasonkhanitsa kagulu ka amuna kuti asake chilombocho. Nkhani yonseyi ilibe wofotokoza mmodzi. Ndi makalata, matelegalamu, zodula m'nyuzipepala ndi zimene anthu osiyanasiyana ankalemba tsiku ndi tsiku.

Mwana wa achemwali uja ndiye anayamba kudandaula. Akuti bukuli n'lozizira, Chingerezi chake n'cha agogo, amuna ake amangolira ndi kupemphera ndi kulemberana makalata, ndipo chilombocho chikangochoka kwawo sichionekanso kwenikweni. Iye anakulira pa mafilimu a vampire, dzina la Chingerezi la chilombo chomwa magazi chotere, koma wokongola wa maso achisoni, amene atsikana amamulimbirana. Kwa iye vampire ndi chibwenzi chovuta basi. Pa za kuzizirazo sakunama. Masamba oyambirira, Harker ali m'nyumba ya chilombo, ndi moto weniweni, koma pakati pali dambo lalitali limene ngakhale ine ndinalidumpha mwina ndi mwina. Aphunzitsi a ku Kawale anamuyankha kuti kusaonekako ndiyo mphamvu ya bukulo: chilombo chimene ukuchiona ukhoza kuchiyeza msinkhu, koma chongomva kwa ena chimakula usiku uliwonse. Iwo kalembedwe ka makalatako n'kamene kanawagwira mtima, poti ndi mmene nkhani zoopsa zimatifikira ifenso. Wina anaona kachidutswa, wina anamva kwa mnzake, wina anawerenga penapake, kenako n'kuphatikiza.

Mlamu wanga analiwerenga ngati lipoti la mu wodi. Chimene chinamukwiyitsa si chilombo ayi, ndi madokotala. Lucy akuthiridwa magazi kanayi, ochokera kwa amuna anayi osiyana, osayeza n'komwe ngati akugwirizana ndi ake. Akuti lero wochita zimenezo ntchito imuthera tsiku lomwelo, pakuti magazi osagwirizana okhawo akhoza kupha munthu chilombo chisanabwerenso. Komatu apa Stoker sitingamuimbe mlandu. Magulu a magazi, aja timati A, B ndi O, anawatulukira Karl Landsteiner ku Vienna mu 1901, patapita zaka zinayi bukuli litatuluka. Mu 1897 kuthira munthu magazi kunali kutchova njuga ndi moyo wake.

Mayi a kumpingo aja mfundo yawo inali yaifupi: ndi buku la ufiti, ndipo chimene ukuwerenga usiku ukuchiitana. Chonsecho bukuli ladzaza mitanda, mapemphero ndi mkate wa mgonero, ndipo chilombo chimathawa zimenezi. Chondiseketsa n'chakuti lamulo lawolo lili m'bukumo: chilombo sichingalowe m'nyumba koyamba pokhapokha wina wa m'nyumbamo atachiitana. Sindinawauze, ndinaopa kusonkhezera moto.

Zonsezi ndi zing'onozing'ono. Mkangano waukulu kuti umveke, tiyambe tafunsa kumene vampire wa Azunguyu anachokera. Stoker sanamupeke yekha, ndipo ku Transylvania sanapondeko. Zaka zoposa 150 iye asanalembe, midzi ya ku Serbia inagwidwa ndi mantha enieni. Mu 1725 m'mudzi wa Kisiljevo anthu angapo anamwalira motsatizana atangoika maliro a mwamuna wina, Petar Blagojević. A m'mudzi anafukula mtembo wake, kuukhoma chikhomo pamtima, n'kuutentha, mkulu wa boma ataima pomwepo. Mu 1732 madokotala a asilikali a Austria analemba lipoti la zangati zomwezi m'mudzi wa Medveđa, ndipo lipotilo ndi limene linamwaza mawu oti vampire m'manyuzipepala a ku Ulaya.

Zimene ofukulawo ankaona zinali zoona; kumasulira kwake n'kumene kunaphonya. Mtembo ukayamba kuwola, m'mimba mumadzaza mpweya, thupi n'kutupa ngati munthu wakhuta. Mpweya womwewo umakankha madzi ofiirira kuti atulukire m'kamwa ndi m'mphuno. Khungu likamauma limabwerera m'mbuyo, zikhadabo ndi ndevu n'kumaoneka ngati zakula. Ukakhoma chikhomo, mpweya uja umatuluka ndi kaphokoso konga kubuula. Kumalo ozizira mtembo umachedwanso kuwola. Nanga munthu wosadziwa zimenezi, amene wangoika abale atatu mwezi umodzi, aganiza chiyani? Chonsecho kawirikawiri chimene chinkasesa mabanja chinali matenda opatsirana. Ku America, m'tauni ya Exeter ku Rhode Island, mu 1892 anafukula mtsikana Mercy Brown amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu, anatentha mtima wake n'kumwetsa phulusalo mlongo wake Edwin amene ankadwala nthenda yomweyo. Edwin anamwalirabe patapita miyezi iwiri. Apa n'kuti kwatsala zaka 5 zokha kuti Dracula atuluke. Ku Austria, Mfumukazi Maria Theresa inachita kutuma dokotala wake Gerard van Swieten mu 1755 kuti akafufuze, ndipo itamva kuti zonse ndi mantha chabe inaletsa kufukula ndi kukhoma mitembo. Kuno atsamunda anabweretsa lamulo la za ufiti mu 1911, loti kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Lamulolo lilipo mpaka lero, ndipo zala zikulozedwabe.

Ndiye vampire wa ku Ulaya ndi wakufa amene wakana kugona m'manda. Pachichewa mbale wake wapafupi ndi mzukwa, kapena mfiti imene amati imafukula manda n'kudya maliro. Ngakhale mleme umene amakonda kuujambula pazikuto si wakuno: mitundu ya mileme yomwa magazi ilipo 3 yokha padziko lonse, yonse ku Mexico, Central ndi South America. Iyi imauluka m'mitengo ya mu Lilongwe madzulo imadya zipatso ndi tizilombo.

Namapopa ndi wina. Funsani aliyense amene mphekeserazi zinadutsa kwawo akuuzani kuti namapopa ndi wamoyo, ndipo saluma. Amabwera ndi zida: jakisoni, timapaipi, mabotolo, tochi yowala kwambiri, mankhwala opopera ofooketsa anthu ali m'tulo. Ali ndi galimoto, apo ayi ali ndi womutuma amene ali ndi galimoto. Magaziwo samwa, amakagulitsa. Dracula ali ndi ludzu, namapopa ali pa ganyu. Mawu omwewa oti kupopa ndi a pampu, timapopa mpira, timapopa tayala la njinga. Ndi mawu a makina, osati a mano.

Nkhani zamtunduwu si za Malawi yekha, ndipo sizinayambe dzulo. Katswiri wa mbiri yakale Luise White anatulutsa buku mu 2000 lofotokoza mphekesera zoterezi m'nthawi ya atsamunda. Ku Kenya ndi ku Tanganyika ankati opopa magazi ndi ozimitsa moto, wazimamoto. Ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, ankawatcha banyama. Oganiziridwa ankakhala anthu a yunifolomu, ogwira ntchito kwa Azungu, oyenda ndi zipangizo zimene anthu wamba sankauzidwa ntchito yake.

Ife a ku Lilongwe tisamayese kuti izi n'za Kummwera kokha, chifukwa mzinda uno uli m'nkhaniyi kuyambira pa maziko ake. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Blantyre, kuphedwa kumene kumadziwika ndi dzina la Chilobwe. Mphekesera imene inamera inali yoti boma likukhetsa magazi a anthu kuti liwatumize ku South Africa pobweza ngongole. Ngongole inalipodi: mu 1968 boma la tsankho la South Africa linabwereketsa Malawi ma rand 8 miliyoni oyambira kumanga likulu latsopano, lino limene boma linasamukiramo mu 1975. Za magazizo zinali zabodza, koma taonani nthaka imene bodzalo linamerapo. Dziko limene linkatenga kale amuna athu kudzera ku Wenela, kuwavula n'kuwayeza thupi, kuwatsitsa m'migodi, ena n'kuwabweza akutsokomola, tsopano lapereka ndalama kwa Kamuzu pamene mayiko ena a mu Africa akulisala. Munthu wa ku Chilobwe anafunsa funso lanzeru, loti ndalama zimenezi tidzabweza ndi chiyani, koma yankho anatola lolakwika.

Kumapeto kwa 2002, chaka cha njala, zinabukanso ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, akuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha chithandizo. Pulezidenti Bakili Muluzi anachita kukana pagulu. Mu Januwale 2003 gulu la anthu linagenda Eric Chiwaya, gavanala wa UDF ku Blantyre, pomuganizira kuti akusunga anamapopa. Mu Seputembala 2017 zinayambiranso ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira mpaka mu Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata anatchinga misewu n'kumasecha magalimoto, boma linaletsa kuyenda usiku, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwo, Pulezidenti Peter Mutharika anapita yekha kukalankhula ndi anthu. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anatenthedwa ku Blantyre, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. Mu 2020 mphekesera zomwezi zinafika Kumpoto ndi kuno Pakati, anthu enanso n'kufa. A zaumoyo ananena poyera kuti panalibe umboni wa kuchipatala woti wina wapopedwa magazi. Magazi amene anaoneka ndi maso anakhetsedwa ndi osakawo.

Apa mpamene pakubwera mnzanga wa ku Mulanje uja. Iye bukuli analiwerenga bwinobwino mpaka pa mutu umene amuna anayi alowa m'manda a Lucy. Arthur, amene anati amukwatire, agwira chikhomo kumanzere nyundo kumanja. Van Helsing awerenga pemphero la akufa, Arthur akhoma, thupi likuphiriphitha, magazi akutumphuka. Atamaliza, nkhope ya Lucy ibwerera kukongola kwake, onse mitima ikhala pansi, ati tamupulumutsa. Kenako amudula mutu n'kudzaza adyo m'kamwa. Mnzangayo anatsekera pomwepo. Anandiuza kuti mu 2017 anali kumudzi, anagona nawo panja, ndipo ankaona nkhope za anyamata obwera kuchokera kumsewu mbandakucha. Nkhope zimenezo n'zimene anakumana nazo m'mutu umenewu: anthu abwinobwino, opemphera, otsimikiza kuti akuteteza akazi ndi ana, ali ndi wamkulu mmodzi wowauza kuti zizindikiro zake ndi izi. Kusiyana kwake, akuti, n'kwakuti m'buku mlembi anakonzeratu kuti osakawo akhale olondola. Lucy analidi chilombo. Kwawo kunalibe mlembi woti akonze zimenezo.

Pa zonse zimene ndinamva, mfundo iyi ndi imene yandikhala pamtima. Buku la vampire limazoloweza wowerenga kaganizidwe kena, koti wokayika ndiye chitsiru, umboni wa kuchipatala umachedwa, ndipo wonena kuti tidikire apolisi adzaika maliro. Dokotala Seward, mmodzi wa amuna anayi aja, wokakamira sayansi, ndi amene amagonja. Van Helsing, amene sanyoza za agogo, ndiye ngwazi. Chilombocho nachonso ndi mlendo, wobwera kudzagula nyumba m'dera la eni ake ndi ndalama zosadziwika kochokera. Makolo anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kunena nzeru imene eni mudzi alibe. M'bukuli alendo alipo awiri, wina wa kalumo wina wa mano, ndipo nkhani yonse yagona poti amuna a ku England sanaphonye posiyanitsa. Kwathu kuno mu 2017 madokotala ena anachitidwa chipongwe chifukwa chonyamula kachipangizo komvera kugunda kwa mtima, ndipo ma ambulansi anagendedwa.

Aphunzitsi a ku Kawale sanavomere, ndipo nawonso sakulankhula zopanda mutu. Akuti palibe anatchinga msewu ku Phalombe chifukwa chowerenga Stoker; ambiri a iwo dzinalo sanalimvepo. Mantha anabwera ndi njala, umphawi, ndale, ndi chizolowezi cha akuluakulu chobwera m'midzi pa magalimoto, kulemba anthu mayina, kutenga magazi okayeza, n'kupita osabweranso kudzanena zimene apeza. Kwa iwo buku loopsa ndi khola la mantha: ulowa, mtima ugunda, utseka chikuto, chilombo chitsala momwemo. Anandikumbutsa kuti ifenso tinakula ndi nthano za zilombo zomeza mudzi wonse, tikuyankha kuti tili tonse moto ukuzilala, ndipo palibe mwana amene m'mawa mwake anatenga nkhwangwa. Nthano imayamba ndi padangotero, aliyense n'kudziwa kuti walowa m'nthano. Mphekesera imayamba ndi kodi mwamva, ndipo ilibe potulukira. Vuto lathu, akutero aphunzitsi, si kuchuluka kwa mabuku oopsa, ndi kuchepa kwake. Anamapopa, ndondocha, ndege za ufiti, zonsezi timakumana nazo pa wailesi ndi pa WhatsApp ngati nkhani zochitika, osati m'buku lopeka mmene munthu angaziyang'ane ali phee.

Ine ndikuvomera kuti buku silinaphepo munthu, koma pa chinthu chimodzi ndapendekera kwa mnzanga wa ku Mulanje. Wolemba wa kuno amene angafune kulemba buku la anamapopa sangangotenga chikombole cha Stoker n'kusintha mayina, Whitby akhale Senga Bay, Transylvania akhale phiri la Mulanje. Akatero ndiye kuti pamapeto pake namapopa apezekadi, osaka akhala ngwazi, ndipo bukulo liikira kumbuyo amene anatentha wodwala khunyu uja. Choopsa cha kwathu chili kunja kwa chitseko, osati m'kati. Ndiwe mlendo, galimoto yakufera dzuwa likulowa, m'chikwama muli tochi ndi jakisoni wako wa matenda a shuga, ndipo ukumva malikhweru akuyandikira.

Mlamu wanga anawonjezera za kuntchito. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linayamba mu 2003, limadalira anthu opereka magazi mwakufuna kwawo, ambiri a iwo ana a sukulu za sekondale, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera magazi amasowa m'zipatala. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Popereka amangochotsa 450 ml, osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Koma mphekesera ya anamapopa ikangodutsa, galimoto yotolera magazi singalowe m'mudzi, ndipo amene zimawagwera ndi mayi wotaya magazi pobereka ndi mwana amene malungo amuthera magazi. Akuti amuna anayi aja opinda malaya kuti apereke magazi kwa Lucy, mosayeza momwemo, ndi malo okhawo m'buku lonse amene analakalaka abale a odwala ake atawerenga.

Bukuli pano lili kwa mlamu wangayo kachiwiri, akuti ulendo woyamba anathera mtima pa madokotala. Amaliwerengera m'minibasi popita kuntchito. Walikutira ndi pepala la khaki ngati kope la mwana wa sukulu, chifukwa tsiku lina, ali mu yunifolomu yake yoyera, anadzutsa maso n'kupeza mayi wokhala naye mpando umodzi akuyang'ana mano aja pachikuto, kenako chikwama chake, kenako n'kukokera mwana wake mbali inayo.